A Pasipoti ndi Makina a Fotokope

"Ine pa okushoni sindigonja! Ndagulapo katundu m'madoko atatu, kwa anthu amene sitinkamvana ngakhale moni. Ndiye kamsika ka pa foni aka kandivute?"

Anatero a Pasipoti, mwini shopu ya fotokope, akugwedeza foni m'mwamba. Dzinalo anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, chifukwa nkhani yawo iliyonse imayambira pa bwalo la ndege. Munthu wa mawu ambiri, inde, koma shopuyo anaiyamba okha ndi tebulo limodzi lobwereka.

Tsikulo zinthu sizinali bwino. Makina awo anali atafa Lachitatu, ndipo pakauntala panali mulu wa mayeso a sukulu oyenera kusindikizidwa pofika Lolemba. Akalephera, ntchitoyo, ya chaka chino ndi ya zaka zikubwerazi, ipita khomo lotsatira, kwa a Kaboni.

A Kaboni nawo anali ndi shopu ya fotokope, ndipo pakati pa mashopu awiriwo panali khoma la pulayiwudi basi. A Pasipoti akapaka chitseko utoto wobiriwira, mawa lake cha a Kaboni chabiriwira. Akaika benchi panja, uko kwabwera benchi lalitali kuposa. Makina a a Kaboni ankatulutsa mizere yakuda, ndipo nawonso ankafuna ena. Koma zofufuza okha analibe nazo ntchito. Ankangotsamira khoma n'kutchera khutu.

Ofesi ina inali kutseka, ndipo inaika katundu wake yense, kuphatikizapo makina a fotokope, pa okushoni ya pa intaneti. Aliyense amaponya mtengo pa foni, nthawi ikatha, wapamwamba ndiye watenga. Wogula ankayenera kukanyamula yekha, choncho akutali sanavutike nazo. Malonda a makina amene a Pasipoti ankawafuulirawo ankatseka 3 koloko ndendende.

Kutatsala mphindi khumi, telala wa kutsidya kwa msewu analowa, tepi ili m'khosi, kudzaonerera. Akazi awo a a Pasipoti anakhala kumbuyo pa kampando, akusanja mapepala, foni ili pamiyendo.

"Tamverani maphunziro aulere, atelala," anakuwa a Pasipoti. "Lamulo loyamba: mdani umuopseze! Osawonjezera tindalama ngati ukugula machesi. Ndaponya 200 sauzande!"

Foni inalira. Wina waponya 210 sauzande. Kuseri kwa khoma kunamveka kakhosomo.

"Ameneyo ndi mwana. 280!"

Foni inaliranso. 290.

Telala anakanda m'mutu. "Akulu, bwanji mutatsitsako mawu? Pulayiwudi si njerwa."

"Nditsitse mawu m'shopu mwanga? Ine ndinaponyapo mtengo ndi kutukula chipewa chokha, anthu mazana atatu akundiyang'ana! Makina awa ndikuwatenga, olo ndigulitse nsapato. 360!"

370.

Mumsewu monse ankadziwa kuti m'thumba mwa a Pasipoti munali 400 sauzande, chifukwa anali atalengeza okha m'mawa. Tsopano thukuta linayamba kutsika m'khosi mwawo. Kunatsala mphindi ziwiri. Anamasula batani la malaya.

"450!"

"Akulu!" telala anagwira pakamwa. "Nanga akakusiyirani, mulipira ndi chiyani? Mayi, tawaletsani amuna anuwa!"

"Asiyeni," anatero mayiwo, osatukula mutu. "Akayamba chonchi samva."

Kuseri kwa khoma kunali zii. Masekondi makumi atatu. Makumi awiri. Dzina la a Pasipoti linali pamwambabe, pa mtengo umene analibe. Munthu wa mawu ambiri uja anangoti maso pa foni ngati akuona njoka. Khumi. Asanu ndi atatu.

Foni inalira. 500.

Nthawi inatha. Kuseri kuja wina anamenya khoma ndi chikhatho, n'kuseka mpaka kutsamwa. A Pasipoti anadzigwetsa pampando, n'kutulutsa mpweya wautali. Telala anayang'ana pansi, chisoni chitamugwira. Madoko atatu aja athera apa?

Posakhalitsa a Kaboni analowa, mimba ili patsogolo, foni ili m'manja.

"Pepani aneba, msika ulibe chibale. Ndakhuthula thumba lonse, mpaka ya lendi, koma makina ndi anga. Ndiye paja mumati simugonja?" Anasisita mulu wa mayeso uja ngati mwana wawo. "Awa ndinyamuliretu, kapena mudzabweretsa nokha Lolemba?"

"Khalani pansi, aneba," anatero a Pasipoti ndi mawu ofooka. "Tikambirane pang'ono. Mphindi zitatu zokha."

A Kaboni anakhala, naika mwendo pa unzake, nayamba kufotokoza momwe munthu wanzeru amadikirira sekondi yomaliza. Telala anamvetsera mwaulemu. A Pasipoti ankangogwedeza mutu, akusuzumira wotchi ya pakhoma.

Kenaka kumbuyo kuja foni inalira kamodzi. Mayi aja anaimirira, nasasa siketi yawo.

"Abambo, zatheka. Kafuneni galimoto." Anatembenukira kwa a Kaboni mokoma mtima. "Ofesi ija inkagulitsa makina awiri, aneba. Amene mwagulawo ndi akale. Malonda a atsopanowo amatseka mphindi zitatu pambuyo pake, ndipo ndinaponya ndekha, popanda wolimbana naye. Ndawatenga pa 120 sauzande."