Mutu wa a Njobvu

Anastazia Daka anapisa dzanja m'saka lachisanu ndi chiwiri, natapa thonje, milomo ikufuna kuseka yokha. Anailuma. Pamayeso saseka, makamaka pamaso pa a Sakala, woyesa wochokera ku Chipata, bambo wa nkhope ngati wangomeza kwinini.

Munali mu 1976, pa depoti yogulira thonje ku Ndake. Masaka makumi awiri anali atandandalikidwa m'shedi, ndipo patsogolo pake panali madengu atatu: A wa thonje loyera mbee, B wa la madontho achikasu, C wa lodetsedwa. Lamulo linali lakuti atape, ayang'ane, aponye m'dengu loyenera osayankhula. Akalondola masaka khumi ndi asanu ndi atatu, ntchito yosankha thonje ndi yake. Akalephera, ulendo wa ku Luembe kwa bambo ake, kukamvanso nyimbo yakale ija.

Nyimboyo inali ya mawu awiri okha: wafunsa ndani? A Eustace Daka sanamumenyepo mwana wawoyo, ayi, bodza n'loipa. Koma akathira mchere m'ndiwo, wafunsa ndani. Akasankha nsalu ya diresi, wafunsa ndani. Atakhoza mayeso a pulaimale, iwo anati aphunzitsi asokoneza mapepala. Mayi ake ankangoti mvera atate ako. Ndiye mtsikana anakula wosakhulupirira ngakhale maso ake, mpaka anzake ankamuseka kuti tsiku lina adzapempha chilolezo choyetsemula.

Mwayi wake unali a Njobvu, nkhalamba imene inasankha thonje pa depotipo kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo tsopano inali kupuma pantchito. Kwa zaka ziwiri Anastazia anagwira ntchito pansi pawo. Iye ankatapa thonje, n'kuliunika padzuwa, n'kutchula giledi monong'ona ngati wakuba, kenako n'kusuzumira kwa a Njobvu. Mutu ukagwedezeka, saka linkapita pasikelo. Mutu umenewo ankaudalira kuposa wake. Anafika poufunsa ngakhale za kalaliki wina wa ku Nyimba amene ankamulembera makalata.

Tsiku la mayesoli a Sakala anaikhazika nkhalambayo kutali, pafupi ndi khomo, naichenjeza kuti isayerekeze n'kutsokomola komwe. Anastazia anayandikira masaka aja. Pa saka loyamba anayenda mpaka pa dengu la B, naima, dzanja lili m'mwamba. Anaba diso kukhomo. Mutu uja unagwedezeka pang'onopang'ono.

Eee, nkhalamba yochenjera! Pamaso pa boma, masana dzuwa likuswa mtengo!

Kuyambira pamenepo mayeso anasanduka gule. Kutapa, kuunika, kuyenda, kuima, kuba diso, mutu kugwedezeka, thonje m'dengu. A Sakala ankangolemba, osadziwa kuti akuberedwa pakhomo pawo pomwe. Chimwemwe chinkamutekenya Anastazia m'mimba moti kawiri konse anachita kunamizira chifuwa kuti chiseko chisatuluke.

Saka lakhumi ndi chisanu ndi chinayi linali loyera pamwamba ngati la ukwati. Koma ataligwira m'manja linamukayikitsa, linali lolemera mosayenera. Anapisa mkono mpaka m'phewa, natulutsa thonje lonyowa, losakanizika ndi mchenga. Anadutsa dengu la A, nadutsa la B, naima pa C. Mutu unagwedezeka. Anaponya. A Sakala anakweza nsidze, ndipo anthu amene amawadziwa amati kumeneko ndiye kuseka kwawo.

Atawerenga zotsatira, a Sakala anati masaka onse makumi awiri walondola, chinthu chimene sanachionepo kuyambira ku Petauke mpaka ku Lundazi. Amayi amene anabwera kudzagulitsa thonje anaimba nthungululu. Anastazia anavina, nakumbatira saka, nakumbatira mayi wina amene sankamudziwa n'komwe, mpaka duku linagwa ndipo thonje linamudzaza m'tsitsi ngati wakalamba tsiku lomwelo. Anaseka mpaka misozi.

Galimoto ya a Sakala itazimiririka m'fumbi, anathamangira kukhomo nagwada pamapazi pa a Njobvu. Anawathokoza monong'ona, akusekabe, kuti amupulumutsa, kuti popanda mutu wawo sakanalondola ngakhale masaka asanu. Kenako chiseko chinaphwa, chifukwa mantha anali atabwerera. Iwo akupita kumudzi, nanga iye adzayang'ana kwa yani? Anawachonderera kuti azibwerabe masiku ogula, azingokhala pakhomopo, tiyi adzawaphikira yekha.

Nkhalambayo inaseka mpaka mapewa kugwedezeka.

"Mwanawe, dzutsa nkhope. Uyang'ane m'maso mwangamu."

Anastazia anali asanayang'anepo munthu wamkulu m'maso, kwawo umenewo ndi mwano. Anadzutsa nkhope mwamanyazi. Maso onse awiri anali otuwa ndi ng'ala.

"Chaka chachitatu chino sindisiyanitsa thonje ndi ufa, ndinangobisa kuti asandichotse nchito," anatero a Njobvu. "Lelo ndimagwedeza mutu ndikamva mapazi ako aima, basi. Thonje lonse la Ndake, zaka ziwili zonsezi, wasankha ndiwe wekha."