Khoma Lonong'ona

Kafupi anatsamira khoma ngati wotopa, koma khutu lili tcheru. Kutsidya kwa holo yozungulirayo, Chindevu anali atafulatira, foni ili kukhutu, akunong'ona.

Awiriwa, madokotala a sayansi okhaokha, sankamwerana madzi. Mpando wa mkulu wa kafukufuku unali umodzi, ndipo unkadikira yemwe angayambe kuonetsa zotsatira. Ntchito yawo inali yoomba manyutironi, tinthu tosaoneka ta mu atomu, pa kalilole wokhota. Ukamupendeketsa bwino kaliloleyo, tinthuto timakwawa motsata kukhotako n'kusiya mizere pa kompyuta, monga mmene mawu amayendera pa khoma lozungulira.

Khoma la holoyi, lasimenti yokhuthala yotchinga mphamvu ya makina oombera manyutironiwo, linkachitadi zimenezo. Kafupi anazitulukira mwangozi ndipo sanauze munthu. Zakuba zimakoma, abale.

"Ayi bwana, tonse takhala tikulakwitsa." Mawu a Chindevu anamufika ngati ali pambali pake. "Kalilole apendeke kwambiri kuposa mmene timachitira. Ndiyesa sabata yamawa. Wamfupi uja? Musiyeni, mutu wake ndi wosungira tsitsi basi."

Kafupi anakukuta mano. Mpata wake pa makina unali mawa lake, umodzi wokhawo chaka chonse. Anakankhira pambali masamu amene anawavutikira miyezi yambiri, n'kupendeketsa kalilole monga anamvera. Mumtima ankaona kale nkhope ya Chindevu itagwa.

Manyutironi anadutsa tsiku lonse. Pa kompyuta panali poyera kuti mbee, popanda mzere ngakhale umodzi. Nthawi yake itakwana, oyendetsa makina anatseka.

Chindevu anafika manja ali m'thumba.

"Zikuyenda, adokotala?"

"Sizikukukhudzani."

"Pepanitu. Mpata wanga ndi Lolemba. Mudzabwere mudzaphunzire."

Anatero n'kubwerera kutsidya kwake akuimba mluzu.

Kafupi anapisa dzanja m'thumba. Anasolola foni kuti apemphe bwana mpata wina. Netiweki panalibe. Anaikweza m'mwamba, anasuntha, anaigwedeza, koma ayi ndithu.

Dzanja linatsika lokha. Mu holo imeneyi foni sinagwirepo chimangireni, aliyense ankakaimbira panja.

Kutsidya kuja Chindevu anatembenukira kukhoma, m'manja mulibe kanthu, ndipo kunong'ona kunakwawa mpaka m'khutu la Kafupi.

"Mukundimvabe bwinobwino, adokotala?"