Mapiritsi Awiri a Pansi pa Pilo

Panali munthu wina, mayi wa ana anayi, amene mwamuna wake anali wogulitsa nyama. Bamboyu anali chimunthu, wogwetsa ng'ombe yekha, koma akangoona jakisoni thukuta linkangoti kamukamu. Atapezeka ndi chotupa m'mimba, madokotala anati pakufunika opaleshoni.

Kawiri konse anamukonzera tsiku, kawiri konse anamubweza. Namwino akangomumanga choyezera BP pamkono, mtima wa bamboyo unkagunda ngati ukufuna kutuluka, BP n'kukwera. Chotupa nacho sichinkadikira munthu. Mayi uja anayamba kuonda kuposa wodwalayo.

Ulendo wachitatu, dokotala wogonetsa anthu pa opaleshoni anabwera yekha mu wodi.

"Bambo, mantha si mlandu," anatero. "Mawa m'mawa namwino akupatsani kapiritsi kokhazika mtima pansi kuti BP isakwere. Ndakusankhirani malinga ndi thupi lanu. Koma chonde, musamwe china chilichonse osandiuza."

Pabedi loyandikana panagona mkulu wina wothyoka mwendo, mkhalakale wa mu wodimo, wodziwa zonse kuposa madokotala. Kutacha anasuzumira uku ndi uku, n'kusolola mapiritsi awiri pansi pa pilo.

"Achimwene, kapiritsi kawo kaja n'ka ana. Thupi ngati lanuli lingakamve? Akubwezaninso kachitatu. Imwani awa, amandipatsa ine kuti ndizigona."

Mayi uja anachita mantha. "Bambo ake, paja adokotala anati..."

"Mayi, mukufuna chotupachi chindiphe ndili pamzere?" anatero mwamunayo. Anawameza ndi malovu okha, poti madzi anali atamuletsa.

Patapita kanthawi namwino anafika n'kumuyeza. BP inali bwinobwino.

"Lero ndiye mwakula, bambo," anamuseka. "Mwamwako mankhwala ena alionse kuyambira dzulo?"

Bamboyo anafinya dzanja la mkazi wake. "Ayi."

"Mayi, n'zoona?"

Mayi uja anayang'ana pansi. Ankaopa kuti akaulula amubwezanso, ndipo kunyumba sikukakhala mtendere. "N'zoona, sanamwe."

Namwino anapereka kapiritsi ka adokotala kaja, bambo n'kumezanso. Atatu tsopano.

Anamukweza pakabedi ka matayala n'kukamuimika pakhomo la chipinda cha opaleshoni, kudikira kuti wina amene anali mkatimo atuluke. Mayi anakhala pabenchi pambali pake. Bamboyo anayamba mkonono wachilendo, wokoka, wodukizadukiza. Kenaka mkonono uja unasiya.

Mayi anayang'ana pachifuwa: zii. Anayang'ana milomo: ikuda. Abale inu, m'malo mokuwa, anayamba kudziuza kuti mwina wangogona kwambiri, poti akaitana anthu amufunsa zimene anabisa zija. Anamugwedeza phewa pang'onopang'ono, akunong'ona kuti, "Bambo ake, dzukani." Anamutsina. Anamugwedezanso. Nthawi ikupita.

Anali wokolopa amene anaona nkhope ya bamboyo n'kuponya chokolopera pansi, kuthamangira anamwino. Anamwinowo anamulowetsa mkati akumupopa pachifuwa, chitseko n'kutsekeka.

Posakhalitsa dokotala uja anatuluka. "Mayi, piritsi langa limodzi silingachite zimenezi. Anamwa chiyani?"

Apa mpamene mayi anaulula.

"Dzina lake la mapiritsiwo?"

Sankalidziwa. Anathamangira ku wodi, nsapato imodzi n'kutsala m'njira, nakagwada pabedi la mkulu uja. "Bambo, ndapota nanu, mapiritsi aja dzina lake n'chiyani?"

"Ati? Mayi, musandiike m'mavuto. Ine sindinapatse munthu kanthu." Anatembenukira kukhoma n'kufunda bulangete kumutu. Mpaka namwino anachita kukafufuza m'faelo ya mkuluyo kuti adziwe mankhwalawo.

Mtima wa bambo uja anaudzutsa, koma ubongo unali utakhala nthawi yaitali wopanda mpweya. Anatsitsimuka patapita masiku anayi. Dzanja logwetsa ng'ombe lija silitha kugwira ngakhale kapu, ndipo zimene wauzidwa m'mawa, pofika masana waiwala. Opaleshoni sinachitike, madokotala akudikira kuti mwina thupi lilimbe.

Tsiku lililonse mayi akamamusambitsa, bamboyo amadzigwira pamimba n'kufunsa mwaulemu, "Mayi, andipanga kale opaleshoni ija?"

Ndipo tsiku lililonse mayiyo amayenera kuyankha kuti ayi.

Phunziro: Mankhwala okhazika mtima pansi ndi othandiza akaperekedwa ndi dokotala amene akudziwa zonse zimene zili m'thupi mwanu. Musalandire piritsi kwa mnzanu wa pabedi, ndipo namwino akafunsa, nenani zoona ngakhale wodwala wanu akwiye. Kubwezedwa n'kwabwino kusiyana ndi kuvulala moyo wonse. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi m'bale wodikira opaleshoni, mwina mupulumutsa munthu.