Kagalasi ka pa Mng'alu

Mayi wina anakweranso pampando n'kusuzumira pamwamba pa khomo la chipinda cha alendo. Kagalasi kanali pompo, kathunthu.

Mng'aluwo unatulukira chaka chatha pa mtanda wa konkire wonyamula denga. Mmisiri atabwera anagogoda ndi hamala, n'kupukusa mutu. Simenti inachepa, mchenga unachuluka. Anatenga kachidutswa ka galasi n'kukamata chopingasa mng'aluwo, simenti uku, simenti uku.

"Konkire sipindika ngati mtengo, mayi, sichenjeza. Imangothyoka," anatero. "Kagalasika kakasweka ndiye kuti mtanda ukusunthabe. Mutuluke tsiku lomwelo."

Kutuluka, kupita kuti? Nyumbayi mwamuna wake, telala, anaimanga ndi singano mpaka maso kuchita mdima. Atamva mawu a mmisiri, telalayo chakudya sanachikhudze.

Kuyambira pamenepo, kukacha mayiyo pampando, mtima uli m'mwamba. Mvula inagwa mpaka kukwana, kagalasi kali chete. Malole ankadutsa mawindo n'kumanjenjemera, iko osatekeseka. Telala, yemwe masiku ano ankalawirira kudzuka ati kukasoka kusanatenthe, ankamuseka.

"Mudzathyoka mwendo ndinu, amayi, mtandawo uli gwa!"

Lero mwana wawo wamkazi anafika ndi khanda, mdzukulu woyamba, kudzakhalako mpaka mchombo upole.

"Nanga tiwagoneke kuti?" mayiyo anafunsa.

Telala anayang'ana pansi. "M'chipinda cha alendo momwemo. Galasi linganame?"

Zoona, galasi silinama. Mayiyo anayala bedi pafupi ndi khomo, poti m'pomwe pamapita kamphepo. Khanda linayamwa n'kugona, timanja tili m'mwamba. Mayiyo anapumira m'mwamba, mantha a chaka chonse n'kutsika. Anayamba ngakhale kung'ung'udza nyimbo akupukuta fumbi pabalaza.

Anatsitsa chithunzi chawo chaukwati kuti achipukutenso, ndipo nsalu inakhula pepala lenilenilo. Galasi panalibe. Anayang'ana chithunzi cha ubatizo, nachonso chinali chimodzimodzi. Cha agogo nachonso, galasi panalibe. Kuchipinda chosokera makina anali atasiya kulira.

Anathamangira kumpando kuja, n'kukwerapo, n'kukhudza simenti yogwira kagalasi. Chala chinalowa. Inali yaiwisi, yomatira kagalasi katsopano m'mawa womwewo.

Kamchenga kanayoyoka kuchokera mumng'alu n'kugwera pa shawelo ya khanda.