Nthambi za pakona ya ku Mkanda

"Awa akungofuna thandizo lathu basi. Ngozi zake ziti?" anatero Mayi Millicent, wapampando wa komiti ya bungwe lina yosankha kafukufuku wa ngozi za pamsewu woti apatsidwe ndalama.

Wopemphayo anali a Lovemore, mphunzitsi wa ku Mkanda, amene ankati malole a fodya akutha anthu pakona ya pafupi ndi sukulu yawo. Mayiwo sanakhulupirire. Chaka chatha wina anawapusitsa ndi mlatho woti kunalibe, ndipo kuyambira pamenepo komitiyo inaika lamulo lakuti isanavomereze, wapampando azikaona yekha.

Anapita osauza munthu. Poopa kuti wina angawatsine khutu a Lovemore, anauza dalaivala adzere kanjira kam'minda kotulukira pakona penipenipo.

Anaima pamenepo m'mawa wonse. Malole ankadutsa pang'onopang'ono, a kabaza ankatsika n'kumakankha njinga, ndipo hutala sinamveke n'kamodzi komwe. Foni ya a Lovemore inali yothima.

"Ndinanena ine," anauza mlembi wa komiti pafoni. "Msewu wofatsa ngati uno sindinauonepo. Mwini nkhani wabisala. Pempholo likanidwe."

Pobwerera anadzera msewu waukulu. Asanapite patali, dalaivala anaona nthambi zaziwisi zitaikidwa mumsewu, chizindikiro cha maliro. Anavula chipewa, nafunsa mayi wina wosenza nkhuni.

"Pepanitu mayi, watisiya ndani?"

"Aphunzitsi athu, a Lovemore. Lole inawagunda dzulo pakona mwachokerapo."