Nkhope ya Verlyn pa Malaya Apinki

"Vula malayawo, Icilda!" anakuwa Verlyn pakati pa msika wa Mandeville.

Amayi oguba pochenjeza anthu za khansa ya m'mawere anaima. Onse anali atavala malaya apinki osindikizidwa nkhope ya Verlyn.

"Iwe, takupatsa ulemu," anatero Icilda, mnzake wa paubwana. "Anthu adziwe kuti matendawa si amanyazi."

"Ndinauza iwe wekha! Ndinati amayi asamve mpaka nditachitidwa opareshoni. Mtima wawo ukuudziwa."

"Aaa, mayi ako satuluka m'nyumba. Akaziona kuti?"

Verlyn anakwera takisi. Kuno ku Jamaica nkhope ya munthu imaikidwa pa malaya akamwalira, ndipo Icilda anazidziwa bwino zimenezi.

Kunyumba anapeza anthu akumanga tenti ya maliro. Mayi ake anali pakhonde, akulira, atakumbatira malaya apinki amene mnansi anabwera nawo kuchokera kumsika.

"Amayi, ndili moyo! Ndi khansa chabe, madokotala aipeza msanga."

Mayiwo anamugwira nkhope, kenako mapewa. Ndiye anamusiya.

"Tauni yonse ikudziwa za bere lako," anatero motsitsa mawu, "kupatula ine amene ndinakuyamwitsa langa."