Lesley Wachisanu

Mweetwa anaimika minibasi yake mopingasa pa geti labuluu ku Dambwa, n'kutsika ndi sipanala ya matayala m'manja. Dzuwa linali paliwombo. Iye anali atalusa moti sanakumbuke n'kuzimitsa injini komwe.

Mlandu unali dzina. Mkazi wake, Miyoba, anabereka mwana wamwamuna masabata atatu apitawo, ndipo Mweetwa anali atalamula kale kuti mwanayo ndi Jackson, dzina la malemu bambo ake. Koma m'mawa wa tsikulo, akufunafuna laisensi yake m'chikwama cha matewera, anapeza khadi la kusikelo. Pakhadipo panalembedwa Lesley.

Kumtundu kwawo kunalibe Lesley. Kwa apongozi ake kunalibenso. Foni inamuuza kuti dzinalo ndi la ku Scotland, ati limatanthauza munda wa timitengo taminga. Zamkutu. Mkazi wa ku Libuyu angadziwe bwanji minda ya ku Scotland popanda mwamuna womunong'oneza?

Apo m'pamene anayamba kukumbukira, pajatu woyendetsa minibasi amadziwa khomo lililonse. Mwana wa kondakitala wake wakale ndi Lesley. Kamtsikana ka wogulitsa makala pamsika ndi Lesley. Ena awiri amakhala kuseri kwa tchalitchi. Ana anayi m'zaka zitatu, ndipo amayi awo onse anathawapo pakhomo ali ndi pakati. Miyoba naye anasowa masabata awiri mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, kuyambira tsiku lomwe Mweetwa anamulangiza ndi nsapato chifukwa cha ndiwo zopanda mchere. Kulangiza, ndi momwe iye ankatchulira. Oyandikana nawo anati anamutenga ndi galimoto yoyera.

Nkhani inali poyera: tambala mmodzi ankayendera makola onse a mu Libuyu, n'kumasiyamo ndi dzina lomwe. Mweetwa atamupotokola mkono m'mawawo, Miyoba anangotchula malo basi. Dambwa, geti labuluu, mpanda waminga.

Mweetwa anakankha geti ndi phazi. Galimoto yoyera inali pomwepo, ndipo bambo wina wadzitho, atavala vesiti, ankaitsuka akuimba mluzu.

"Ba bosi, mufuna ndani?" anafunsa bamboyo.

"Bakazi ba banthu umabanyamula mu motoka iyi, si so?"

"Nimabanyamula, koma..."

Sipanala inamupeza pakamwa asanamalize. Mano awiri anagwera m'ndowa, thovu la sopo n'kufiira. Kachiwiri inatera paphewa, fupa linalira ngati nkhuni youma. Bamboyo anagwa chagada. Mweetwa anamuponda m'nthiti, kamodzi, kawiri, ndi nsapato zomwe zija zapantchito zachitsulo kumphuno. Kenako anatembenukira galimoto n'kuswa galasi lakutsogolo, magalasi n'kumwazika pabwalo ponse. Mumtima mwake munali chimwemwe choipa, cha munthu amene akuganiza kuti akubwezera amuna anzake onse.

Anthu anathamangira pageti. Amuna atatu anagwira Mweetwa, wina pakhosi, ena m'mikono, mpaka sipanala inagwa pansi. Pakhonde panali pataima amayi awiri oyembekezera, wina mkono uli m'bandeji.

"Onani!" anakuwa Mweetwa akupalapata. "Na benangu bali mukati! Uyu Lesley avomele pamenso pa banthu kuti mwana wa Miyoba ni wake!"

Anthu anayang'anana. Ndiye m'nyumbamo munatuluka mayi wina waimvi, wamfupi, atanyamula thonje ndi botolo la mankhwala. Sanathamange, sanakuwe. Anagwada pambali pa wovulalayo, n'kumutsegula pakamwa ndi zala zozolowera ntchito, kumuika thonje, kumupapasa nthiti imodziimodzi. Anauza mmodzi wa amayi aja kuti aimbire apolisi ndi ambulansi. Atatero m'pamene anadzuka, n'kuyang'ana Mweetwa, kuyambira kumaso mpaka kumapazi. Maso ake anakhalitsa pansapato.

"Ndimwe bamuna ba Miyoba," anatero. Silinali funso.

"Mwana wanu uyu anionongela nyumba, ba mayo!"

"Uyu ni Mukuka, amaniyendesela motoka. Lesley ni ine, nenze nasi," anatero mayiyo akupukuta magazi m'manja. "Bana bonse ba zina yanga, bamai babo banabwela pano bali na magazi, nabasunga kuti mimba isachoke. Mwana ni wanu, ba Mweetwa, na nsapato yamene ninapeza yadinda pamimba pa bamai bake ni yamene iyi mwavala."